Nkhata ya Anzake a ku Koleji

Ndinadzuka kusanache, ngati kuodzera pamphasa pakati pa azimayi olira nako n'kugona. Panja azibambo anali atazungulira moto, mawu atasasa ndi nyimbo za usiku wonse. Linali tsiku loika achimwene anga, a Lameki. Koleji imene tonse awiri tinkaphunzira inali itatsekedwanso, ati chifukwa ophunzira tinadandaula za njala ndi kusowa kwa mabuku. Pokana kukhala manja lende kuno ku komboni ya George, achimwene anakapeza ganyu kumafakitale, ndipo matumba a simenti anawagwera.

Tinali titauzidwa kuti koleji ikadzatsegulidwa aliyense adzapempha malo mwatsopano, ndipo woonedwa pagulu la ophunzira asadzavutike n'kubwera. Amayi anandimanga okha duku ndi chitenje.

"Lelo ndiwe mulongosi chabe, wamvela? Ukaimilila na banzako, nizataya bana babili."

Kutacha anthu anadzaza mpaka kumsewu. Pamphambano panaima galimoto yoyera, m'katimo amuna awiri ozonda ophunzira, atavala magalasi akuda, chonsecho kumwamba kunali mitambo yokhayokha. Anzathu a ku koleji anabwera ndithu, koma mmodzimmodzi, atavala zakutha. Wina amene ankatitopetsa ndi Chingerezi chake ankawaza nkhuni ngati akumenya njoka. Sitinapatsane moni, ndipo zinandiwawa kwambiri.

Tinakwera malole mvula ikuwaza, galimoto ija ili pambuyo pathu. Kumanda, atakwirira, mkulu wa mpingo anayamba kuitana oika nkhata zamaluwa: makolo, abale, akwaya. Kenako, posadziwa kanthu munthu wa Mulunguyo, anakweza nkhata yotsala.

"Manje banzake ba ku koleji!"

Palibe amene anadzuka. Amuna a magalasi aja anasendera pafupi. Anzathu anawerama, nkhata ili m'mwamba. Ndinapsa mtima. Achimwene apite ngati analibe mnzawo? Ndinadzuka, koma amayi anandikoka chitenje mpaka ndinakhalanso pamatope. Anaimirira iwowo, munthu wosadziwa ngakhale kulemba dzina lake.

"Munzake ndine," anatero mokweza. "Nenze kumuyashila nyali akabelenga."

Analandira nkhata ija. Mayi wogulitsa makala pafupi ndi kwathu anadzuka kuwatsatira, kenako wa zitumbuwa, kenako azimayi onse, azibambo nawonso. Anthu anapanikizana pamtumbira, ophunzira ali m'kati mwawo, ine ndemwe, aliyense akufikitsa dzanja pamaluwawo. A magalasi anangoti kakasi. Akanayambira pati?

Madzulo anthu anabalalika, pabwalo panatsala phulusa lonyowa ndi mabenchi obwereka. M'nyumba munali duu, mabuku a achimwene ali pawindo monga anawasiyira. Amayi anapukuta galasi la nyali, anaiyatsa kusanade n'komwe, n'kuikhazika patsogolo panga.

"Belenga. Bazatsegula koleji."

Ndinatsegula buku, koma misozi sinandilole kuona ngakhale chilembo chimodzi.