Mgwazo Woyezera Kumsewu

Bambo aja amakhala kuseri kwa tchalitchi cha Sabata ku Khonjeni, amene anakalambira pantchito yothena tiyi, sayenda opanda chingwe chawo cha mfundo m'thumba. Sukulu analekeza Sitandade 4, koma ukangotchula za kukula kwa munda, amakwinya nkhope n'kukufunsa kuti, "Mwayeza mbali zonse, kapena mwangoyeza yokukomerani?"

Tsiku lina anapeza mayi Teleza, anansi awo amasiye, akupalirabe tiyi pa esiteti dzuwa litapendeka, anzawo ataweruka kalekale. Kapitawo anali atawadulira mgwazo wa tsikulo pamalo otsetsereka, opapatiza kumtunda kumsewu, otambalala kumunsi kumtsinje. Iye anangoyeza kumsewuko, kuopa kudetsa nsapato.

Bambowo anatambasula chingwe. Kumtunda anapeza mfundo khumi, kumunsi makumi atatu. Anamuitana kapitawoyo.

"Mbali ziwirizi zimayenda osakumana ngati njanji, koma ina ndi yaitali," anatero. "Mumaziphatikiza, n'kugawa pawiri. Ndi twente, osati teni! Mayiwa mwawasenzetsa migwazo iwiri tsiku limodzi, ana akuwadikira kunyumba."

"Madala, inu munapuma ntchito," anayankha kapitawo. "Kumunsiko kwangowonjezera pang'ono basi."

Bambowo anatenga khasu m'manja mwa mayi Teleza, omwe anali ndi matuza, n'kumugwiritsa kapitawoyo.

"Poti n'pang'ono, achimwene, tsikani mukamalizeko. Ife tikudikirani kumsewu kuno, kumene munayeza inu."