Tsiku Limene Ndinakana Kutuluka M'manda

Mng'ono wanga anamangidwa chifukwa cha njinga yake. Ndikatero anthu amaseka, koma ndi mmene zinalili. Ku Nsadzo nthawi imeneyo njinga zoyenda zinali zowerengeka. Machubu kunalibe, iye ankatsendera udzu m'matayala, koma njingayo inkanyamula munthu ndi katundu wake yemwe.

Nkhondo inali itangofika kwathu. Boma linali litatisonkhanitsa m'mudzi wa mizere, ndipo munthu sunkatuluka popanda giya, kapepala kachilolezo cha ulendo. M'mawa wina anthu a m'tchire, amene ankamenyana ndi boma, analowa, natentha sitolo ya koperativa, napha mlonda wake, nkhalamba imene inalibe ngakhale mpeni. Asilikali atawerenga anthu anapeza kuti mng'ono wanga palibe. Anatulukira patapita masiku awiri, miyendo ili mbuu, giya alibe. Basi, anati ndiye anawalondolera njira adaniwo. Anammanga zigongono kumbuyo ndi chingwe chonyowa, napita naye kundende ku Chifunde.

Ine ndinkadziwa kumene anali. Anali atakweza deputadu, phungu wathu, panjinga, nadutsa naye njira yakutchire yolambalala chipata cha malire cha Kasakatiza, kukagula mchere ndi sopo ku Zambia kuti adzagulitse mobisa. Malonda amenewo tinkawatcha kandonga, ndipo ukagwidwa nawo ankakukwapula pagulu. Pobwera, mng'ono wanga anasiya bwanayo ndi matumba ake kwa mkazi wamng'ono wa deputaduyo, iye n'kubwera yekha kudzagwa m'manja mwa asilikali.

Deputadu ameneyu sanali mlendo. Tinkakumba naye mbewa tili ana, ndipo posankha woti azikatilankhulira ku asembeleya, nyumba ya malamulo ya ku Tete, ine ndemwe ndinakweza dzanja, dzanja lomweli. Anabwerako ndi malaya a matumba anayi ndi khadi lokhala ndi chithunzi chake. Kuyenda kwake kunasinthanso, anayamba kuponda pansi ngati nthaka ndi ya amalume ake.

Ndinapita ku Chifunde wapansi. Woweruza, juwizi tinkatero, anali mnyamata wa kutali kunyanja yamchere, woonda, wolankhula Chinyanja chothyokathyoka. Anandiuza kuti mng'ono wanga watchula deputadu kuti ndiye mboni yake, ndipo amuitana. Tsiku lakelo bwanayo anabweradi, koma anabwera ndi mlembi wa ku boma. Anaika khadi lija patebulo, nakhala pansi, napinda manja.

Mlembiyo ndiye analankhula. Anati deputadu safunsidwa mafunso ndi khoti popanda chilolezo cha asembeleya. Juwizi anati ayi, lamulolo limamuteteza kuti asamangidwe, silimuletsa kunena zimene anaona ndi maso. Anatsegula buku lina lopanda chikuto, nayamba kulozerana mizere ndi zala, Chipwitikizi chili wirawira. Ine ndinaphunzira pang'ono kumishoni, ndiye ndinkatola mawu apo ndi apo ndili pabenchi. Anakangana mpaka dzuwa kupendeka. Deputadu mwini wake sanatsegule pakamwa, ankangoyang'ana kudenga. Mapeto ake anagwirizana kuti alembe kalata ku Tete, akuluakulu a kumeneko adule.

Kalata inkayenda ndi kolona, mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali. Kolona imene inatenga kalata yathu inawotchedwa panjira. Analemba ina. Imeneyo kaya inafika, kaya wina anapichirira fodya, sitinamve kanthu. Mwezi unatha, wachiwiri n'kuyamba. Kenako juwizi anandiitanira pambali nandiuza kuti onse oganiziridwa kuti amathandiza adani adzapita ku Tete pa kolona yotsatira, kukhoti la asilikali. Sanafunike kundimasulira. Mwa amene anapita kumeneko, ine sindinkadziwa ndi mmodzi yemwe amene anabwerako.

Ine ndine wa mtima wapachala, amene amandidziwa sangatsutse. Koma ulendo umenewo ndinaumeza. Ndinapita kwa deputadu kunyumba kwake, ndinaodira, ndinakhala pansi, ndinaomba m'manja monga achitira munthu wopempha.

"Achimwene," ndinatero, "mawu atatu okha. Mungonena kuti anali ndi inu. Za mchere zisiyeni, palibe akufuna kuzimva."

"Ukudziwa," anayankha, "pakamwa pangapa tsopano si panga. Ndi pa anthu. Sindingapatsegule wamba popanda asembeleya."

"Anthu ake ati? Uja akuolera m'ndende ndi galu?"

Anaimirira nandiuza kuti ndisamale, masiku ano lilime limapha mwini wake. Ndinamuuza kuti lake ndiye likupha mnzake lili gone m'kamwa. Anandipirikitsa pakhomo pake. Ndinafika kunyumba, mkazi wanga n'kundilanda khasu m'manja, poti ndinali nditalitola osadziwa n'komwe kuti ndalitola.

Sabata yomweyo amayi ake a deputadu anamwalira. Anali okalamba, anadwala masiku ochepa.

Kuyambira kwa makolo, a mtundu wathu ndiwo adzukulu a banja lawo, iwonso ndiwo athu. Kwawo kukagwa maliro timakumba ndi ife, timanyamula ndi ife, timakwirira ndi ife, chifukwa munthu sakumba manda a mbale wake. Ndipo pamaliro mdzukulu sazengedwa mlandu. Akhoza kugwira nkhuku ya mwini nyumba, akhoza kuseka anamfedwa ali pakati polira, akhoza kukhala m'dzenje n'kukana kutuluka mpaka atamupatsa kanthu. Anthu amangoti asiyeni, ndi adzukulu.

Kunena zoona sindinapite kumanda ndi maganizo alionse. Ndinapita chifukwa ndi ntchito yathu, komanso mayi aja ankandikonda, ankandisungira chinangwa chootcha ndili mwana. Tinayamba kukumba m'mawa, tili anayi. Unali mwezi wotentha, nthaka ili gwa. Titafika m'chifuwa ndinamva galimoto ikulira kumudzi. Wina anabwera kudzatiuza kuti akuluakulu a ku Chifunde afika kudzapepesa maliro, mlembi uja, juwizi, ndi asilikali owaperekeza. Ndinapitiriza kukumba, koma mutu unali utayamba ntchito ina.

Maliro anafika dzuwa lili paliwombo, amayi a mpingo akuimba, katekisita ali patsogolo poti ansembe anali atachoka kalekale. Anzanga atatu anatuluka m'dzenje. Ine ndinaika khasu pambali, ndinakhala pansi, ndinatambasula miyendo.

Poyamba anthu anaseka. Anabweretsa nkhuku yoyera, naionetsa pamwamba pa dzenje. Ndinapukusa mutu. Anati mdzukulu wa lero ndi wadyera, nakakoka mbuzi. Ndinati mbuziyo ibwerere kukhola.

"Nanga ufuna chiyani?" anafunsa mlongo wake wamkulu wa deputadu, amene ndiye anali mwini maliro kuchikazi.

"Ndifuna mwana wa malemuwa abwere apa."

Anabwera, ali m'malaya ake aja, naima m'mphepete. Ndinamuyang'ana kuchokera pansi, dothi lili m'maso.

"Iwe," ndinatero, ndipo aka kanali koyamba kumutchula choncho chilandirireni khadi, "tsiku limene anatentha sitolo, mng'ono wanga anali kuti?"

Kuseka kunatha. Nyimbo inadukira pakati.

"Ino si nthawi yake," anatero motsitsa mawu. "Ndipo ukudziwa kuti lamulo silindilola."

"Muno m'dzenje mulibe asembeleya. Muli ine. Amayi ako salowa mpaka unene."

Mlembi anakankha anthu nafika kutsogolo. Anati uku ndi kunyoza boma, ndipo anakodola msilikali. Msilikaliyo anasuntha, mfuti ili m'manja. Mantha ndinali nawo, ndisaname. Koma amayi okalamba a m'mudzi anamutchingira, wina n'kumufunsa ngati kwawo amakoka mdzukulu m'manda, ndipo ngati atero akwirire yekha ndi mfuti yakeyo. Anali mwana wa kuno komwe msilikaliyo, wa cha ku malire. Anayang'ana pansi nabwerera m'mbuyo.

Tinakhala. Sindidziwa kuti nthawi inapita yotani, koma mthunzi wa mtengo unachoka pabokosi. Linali tsiku lachiwiri chimwalirire, kutentha kuli koteroko, ndipo aliyense ankadziwa chimene chinkachitika m'bokosimo. Onyamula anayamba kutembenuza nkhope. Apo ndiye mtima unandipweteka kwenikweni. Ndinalankhula mokweza kuti, "Amayi, pepani. Si inu ndikulimbana nanu. Mwana munabereka ndi inu, muuzeni." Misozi inatuluka, ndinaisiya.

Amene anathyola nkhaniyo ndi mlongo wake uja. Anamasula nsalu ya m'chiuno, naimanganso mwamphamvu, napita kukaima pamaso pa mchimwene wake.

"Amayi akupsa ndi dzuwa chifukwa cha mchere wako," anatero. "Ukuyesa sitidziwa? Mudzi wonse wathira m'ndiwo mchere umenewo. Nena."

Deputadu anayang'ana mlembi, anayang'ana bokosi. Kenako ananena, mawu ali pansipansi, kuti mnyamatayo anali naye. Ndinati sindinamve, m'dzenje muno mawu safika bwino. Anabwereza mokweza: anali naye masiku onse awiri, anamukweza panjinga mpaka kutsidya kwa malire, za sitolo sanadziwepo kanthu.

Mlembi anayamba pomwepo kuti mawu amenewa alibe ntchito, deputadu wakakamizidwa, chilolezo cha ku Tete sichinabwere. Juwizi anali ataima kumbuyo nthawi yonseyi, chipewa chili m'manja. Anayankha m'Chinyanja chake chija kuti anthu onse amve.

"Ine sindinamuitane. Ndabwera kumaliro. Koma makutu ndabwera nawo."

Ndinatuluka. Tinatsitsa mayi aja bwinobwino, ndipo dothi loyamba la khasu ndinathira ndine. Ndinakwirira mpaka kumaliza, ndinaumba mtumbira ndi manja anga. Palibe wa kubanjako anandilankhula, ngakhale mlongo uja.

Mkangano wa akuluakulu sunathere pamanda. Mlembi analemba madandaulo, juwizi analemba zake, mapepala anayenda. Patapita miyezi juwiziyo anamusamutsira kwina, sindinamuonenso. Deputadu sanakwapulidwe chifukwa cha kandonga, pamenepo khadi lake linagwira ntchito. Koma mng'ono wanga anatuluka kolona isanafike. Anabwera ali mafupa okhaokha, zala za dzanja lamanzere zitapinana chifukwa cha chingwe chija. Sizinaongokenso.

Kumudzi anthu anagawikana. Ena ankandipatsa moni ndi manja awiri. Ena ankati ndaipitsa mwambo, ndatenga masewera a adzukulu n'kuwasandutsa bwalo la milandu, ndazunza mtembo wosalakwa. Mwina ankanena zoona. Ine ndinkawayankha kuti deputadu anabisala kumbuyo kwa lamulo lake, ine ndinabisala kumbuyo kwa langa, tsono wolakwa kwambiri ndani? Mpaka lero ndikafunsidwa ndimati ndikanakhalamonso m'dzenje muja, ngakhale mpaka mawa lake.

Mvula ziwiri zitadutsa, tisanathawire ku Zambia monga anachitira onse pambuyo pake, bambo athu anamwalira. Tinatumiza uthenga kubanja la deputadu monga mwa nthawi zonse. Tinadikira m'mawa wonse. Sanabwere, ngakhale mmodzi. Enanso m'mudzi anaopa kulowerera, poti bwanayo anali akadali bwana. Akuluakulu anati dikirani, mwana sakumba manda a bambo ake, n'zosayenera. Ndinadikira mpaka dzuwa linafika pamutu, kenako ndinatola khasu n'kuuyamba wa kumanda.

Nditakumba mpaka m'mawondo ndinamva munthu akubwera kumbuyo. Anali mng'ono wanga, atanyamula dengu. Khasu sakanatha kuligwira ndi dzanja lake lija. Analowa m'dzenje. Ine ndinkakumba, iye n'kumawola dothi ndi dzanja limodzi, kukweza dengu paphewa, kukataya kunja. Tinamaliza awiriwiri dzuwa lisanalowe.