Bwalo Linamudya Mawondo, Iye Analigwetsa

Tsiku limene anamuchotsa ntchito, Rhonda Pavlik anafika kunyumba atasenza mpando. Mpando wapulasitiki wofiira, umene anthu anaukhalira ndi kuutayira mowa kwa zaka makumi atatu. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akugwira ntchito pabwalo la masewero la mumzinda mwathu, zikomo wake anali ameneyo.

Rhonda ndi mwana wanga. Ndaneneratu kuti musadabwe ndikayamba kupsa mtima. Inu amene mukufuna nkhani yokulimbikitsani, nayi, koma shuga mulibe.

Anali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi. Sukulu anaisiyira panjira. Mwamuna anapita kalekale. Bondo lakumanzere linkatupa ngati buledi. Anauika mpandowo pakati pa khitchini n'kukhala pansi pambali pake, jekete osavula.

"Akuti bwanji?" ndinamufunsa.

"Akuti bwalo latsopanolo silisuntha, amayi. Osuntha mipando sakufunikanso."

Mpandowo ndinaugulitsa mawa lake lomwe kwa bambo wina wolira zakale.

Bwalo lakalelo analimanga akuluakulu amene sanamvepo kuti mapanga awiri avumbwitsa. Ankafuna bwalo limodzi la masewero awiri, besibo, womenya kampira ndi ndodo, m'chilimwe, ndi mpira wa osewera ovala zisoti kukazizira. Ndiye analizunguliza ngati ndowa yasimenti. Okonda besibo ankadandaula kuti akhala kutali, okonda mpira ankadandaula kuti akuonera chammbali. M'malo mwa udzu anayala kapeti wobiriwira pamwamba pa konkire. Mipando yam'munsi anaikhazika panjanji. Masewero awa akatha, gulu la Rhonda linkakankha zigawo ziwiri zikuluzikuluzo kuti zitembenukire masewero enawo, kenako n'kulumikiza kapeti ndi zipi, atagwada. Zaka zonsezo akugwada pakonkire. Mawondo ake anathera pamenepo.

Tsono mzinda unamanga bwalo latsopano la besibo yekha, la udzu weniweni ndi magalasi ambirimbiri, pafupi penipeni ndi lakalelo, kungodumpha msewu. Lakalelo linayenera kugwetsedwa ndi mabomba, ligwere m'kati mwake, osakhudza latsopanolo. Inabwera kampani yogwetsa nyumba yochokera kutali. Kapitawo wake anali Virgil Tackett, bambo wa kumapiri, wotafuna fodya tsiku lonse.

Rhonda anapita kukaima pampanda wawo m'mawa, bondo atalimanga nsalu.

"Mayi, chiphaso chophulitsira mabomba muli nacho?" anafunsa Tackett.

"Ndilibe, bwana."

"Konkire munaboolapo?"

"Ndinagwadapo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi."

"Ogwada akuwafuna kutchalitchi uko."

Antchito ake anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anamutcha Anti Kapeti. Mawa lake anabwereranso. Mkuja wake chimodzimodzi. Masabata awiri athunthu, m'mawa uliwonse. Ine ndagulitsa soseji ndi mtedza pageti la bwaloli kuyambira Rhonda ali kamtsikana, ndipo nthawi imeneyo ndinkagulitsa kwa ogwetsawo. Ndinkamuona mwana wanga ataima pampanda ngati mbuzi yogulitsa yosowa wogula.

Tsiku lina anabwera kungolo yanga nkhope ili gwa.

"Amayi, injiniya wa kampaniyi akulemba nsanamira ndi penti. Iliyonse mabowo atatu oikamo mabomba, zonse mofanana. Koma za kumtsinje zija sizofanana ndi zinzake."

Anandifotokozera. Chaka chimene mtsinje wodutsa pafupi ndi bwalolo unasefukira, nsanamira zisanu ndi imodzi za mbali imeneyo zinang'aluka. Eni bwalo anazikuta ndi zitsulo zochindikala mwakachetechete, masewero asanayambe, n'kuzimata simenti, n'kupakapo penti. Pamapulani sanalembe. Rhonda ankadziwa chifukwa njanji inkadutsa pomwepo. Nsanamirazo zitanenepa, chigawo cha mipando chinkakhula podutsa, mpaka iye ndi anzake anachita kuchisema pakona.

"Bomba la konkire silidula chitsulo, amayi. Zina zonse zidzagwa, izozo zidzatsala chiimire. Mbali imeneyo ikhoza kupendekera kunja."

"Wauza ndani?"

"Palibe."

"Tseka pakamwa. Mawa tipitire limodzi. Ntchito kaye, nsanamira pambuyo."

"Amayi, kungafe anthu."

"Kwatsala miyezi itatu. Safa mawa."

Sanandimvere. Analawira yekha n'kukaulula zonse, nsanamira iliyonse ndi nambala yake. Tackett anatuma munthu kukaboola nsanamira nambala 33. Chiboolero chinalowa pang'ono n'kuthyoka. Injiniya uja anatuluka thukuta kunja kukuzizira.

Mukudziwa chimene anamupatsa Rhonda? Chipewa cha kampani. Ati, "Mulungu akudalitseni, mayi." Sabata yotsatira nyuzipepala inayamikira injiniyayo kuti ali ndi diso lakuthwa.

Ine sindinamukalipire mwanayo. Bodza, ndinamukalipira. Kenako ndinavula epuloni, n'kusiya soseji zikupserera, n'kukalowa mukontena imene Tackett ankaiyesa ofesi. Sindinagogode.

"Bambo Tackett, ine ndine mayi wake wa uja munamulipira chipewa."

"Mayi, tinathokozatu."

"Zikomo sathira m'mbale. Ndabwera ndi funso limodzi. Mapulani anuwo akunamizani kamodzi. Mukuganiza kuti wabodza amanama kamodzi kokha?"

Anasiya kutafuna.

"Pali chinanso?"

"Ine ndimagulitsa soseji, ndingadziwe chiyani? Wodziwayo ali kunyumba, akupumitsa bondo."

Kunena zoona, sindinkadziwa ngati chinalipo china. Koma munthu sangakwawe pansi pa nyumba zaka zonsezo n'kutulukako ndi chinsinsi chimodzi chokha.

"Abwere agwire sabata imodzi," anatero.

"Mpaka bwalo ligwe."

"Mwezi umodzi."

Ndinaimirira n'kugwira chitseko.

"Chabwino, chabwino! Mpaka ligwe."

"Ndipo mumuphunzitse za mabomba. Asamangotola zinyalala."

"Mayi inu, mukanakhala loya."

"Loya akanakulandani ndi kontena yomweyi."

Chinalipo china, ndithu. Tsiku loyamba lomwelo Rhonda anawaonetsa thanki ya mafuta yokwiririka pansi pa kachulu koimapo woponya mpira, yotsala pa makina amene kale ankakweza ndi kutsitsa kachuluko. Anawaonetsanso ngalande yotsekedwa ndi njerwa imene palibe pepala linaitchula. Injiniya ankayenda pambuyo pake ndi kabuku, koma moni osamupatsa.

Musaganize kuti basi zinayamba kukoma. Anamupatsa ntchito zimene amuna ankazizemba. Kusenza chiboolero cholemera ngati mwana wa ng'ombe kukwera nacho masitepe. Kukulunga nsanamira ndi waya ndi nsalu zochindikala kuti miyala isadzauluke, zala zitauma ndi chisanu. Akafika kunyumba ndinkachita kumuvula nsapato, chifukwa bondo linkakana kupinda. Akadya ankatsegula buku la mayeso a chiphaso. Munthu amene masamu anamuthamangitsa kusukulu, tsopano ankawerengera kuti bomba ili liphulike pambuyo pa linzake ndi kachigawo kakang'ono bwanji ka sekondi.

Analemba mayeso. Analephera.

"Anti Kapeti, mwakhoza?" anamufunsa dala anzake aja.

"Ndakhoza kupeza chipinda cholembera," anawayankha. "Ulendo wamawa ndikhoza zinazo."

Analembanso. Analepheranso. Mawa lake anali woyamba kufika pantchito. Tackett anamuyang'ana, n'kulavula, n'kunena kuti, "Pavlik, bwera kuno. Nsanamira zako za kumtsinje zija ukamange ndiwe, ine ndikuyang'ana. Chitsulo chimafuna bomba lodula, osati lophwanya. Ndikuonetsa kamodzi kokha."

Anamuonetsa kanayi.

Linafika tsikulo, Lamlungu m'mawa, kukuzizira koopsa. Anthu anadzaza milatho, ena m'maboti, ena pamadenga. Panali nsanja ya akuluakulu, ndipo bwana amene anachotsa Rhonda ntchito anali pomwepo, akupukuta misozi pamaso pa makamera. Monga mwa mwambo wa kuno, panali mpikisano wamwayi wosankha wodina batani. Anapambana dokotala wina wa mano. Anamupatsa chibatani chofiira chachikulu ngati mbale, chosalumikizidwa kulikonse. Batani lenileni linali m'manja mwa Tackett, kuseri kwa lole, Rhonda ataima pambali pake.

Kunamveka phu! phu! phu! kuzungulira ndowa yonse. Kenako zii, ngati palibe chachitika. Kenako bwalo linayamba kugwada, chigawo ndi chigawo, kugwera m'kati. Inatsala mbali ya kumtsinje. Inazengereza pang'ono, n'kutsatira zinzake. Pabwalo latsopano sipanasweke galasi ngakhale limodzi.

Anthu anakuwa, dokotala wa mano anakweza manja ngati wagwetsa ndi iye. Rhonda anabwera kungolo yanga atayera ndi fumbi mpaka nsidze. Ndinkayesa alira.

"Lagwa bwino, amayi," anatero. "Ndipatseni soseji."

Koma bwalo kugwa, ndiye kuti ntchito yathanso. Ndi mmene ndinapanganira ine ndemwe. Lolemba Rhonda anapita kukabweza zida, ine ndili pambuyo pake. Tinapeza akukweza kontena palole. Ankapita kumzinda wina kumene kunali ndowa inanso ngati yathuyi. Mabwalo amenewa anawamanga nthawi imodzi, ndipo anakalambira limodzi.

Tackett analandira zidazo, n'kumugwira chanza. Kenako anafunsa ngati akungocheza.

"Pavlik, la kumeneko nalonso lili ndi mipando ya panjanji. Ukanakhala iwe, ukanayamba kuyang'ana pati?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuyankhire. Rhonda anandigwira mkono.

"Yankho ndili nalo, Bambo Tackett. Lembani dzina langa pa antchito okhazikika, ndikuuzani tili m'galimoto."

Tackett anayang'ana iye, n'kuyang'ana ine.

"Matendawa ndi akumtundu," anatero. "Kakwere kutsogolo."

Mayeso aja anakhoza ulendo wachitatu. Lero Rhonda ali ndi gulu lake la anthu asanu ndi atatu, ndipo batani lenileni limakhala m'manja mwake. Wagwetsa ndowa zina ziwiri, ndi nyumba zosanja zimene sindingaziwerenge. Akafika pamalo, asanatsegule mapulani, amayamba wafunafuna osesa, okonza mapaipi, alonda akale, n'kuwafunsa zimene akudziwa. Ndipo amawalemba ganyu, safunsa zaulere.

Zinazo sizinakonzeke. Bondo lija anachita kuikamo chitsulo, amayenda chotsimphina. Palibe anabwera kudzapepesa. Dzina lake silinatulukepo m'nyuzipepala. Anzake a gulu losuntha mipando, awiri anamwalira ndi mowa, wina amakolopa kuchipatala. Ine ndimamuona mwana wanga kawiri pachaka, ndipo pageti la bwalo latsopano ngolo ngati yanga saziloleza.

Ndiye inu amene mwakhala pansi lero, amene akuuzani kuti simukufunikanso, tamverani. Akuluakulu amati sunga khosi, mkanda uoneka. Zoona, lisungeni khosilo. Koma mkanda sabweretsa pakhomo. Zaka zimene munagwada sizinapite pachabe, munaona zinthu zimene oimirira sanazione. Dzukani mawa m'mawa mukaime pampanda. Akakusekani, mukaimenso mkuja. Akakulepheretsani, kalembeninso. Ndipo likadzafika tsiku loti akufunseni chimene mukudziwa, musachite manyazi kutchula mtengo wake.

Mtima musataye. Ena onse akutayani kale, inu musawathandize.