Apongozi anakhala pakhomo

Matenda anga a mutu ankabwera nyengo yokolola thonje. Tulo tinkayamba kuthawa, kenako pakamwa n'kumasuka ngati wailesi. Ulendo woyamba ndinakalalata zandale pamsika kwa Chikweo, anyamata ofunsa makhadi a chipani ali pomwepo. Chinandipulumutsa n'chakuti anthu anakuwa kuti ndine wamisala. Anandimanga ndi chingwe cha mbuzi n'kunditumiza kuchipatala ku Zomba.

Nditabwerako, alongo ake a mkazi wanga sanabise mawu: ndikadzamangidwanso, ukwati watha. Ine ndinali mkamwini, ndipo kuchoka pamudzipo kunali kusiya ana anga.

Choncho mutu udakali bwino, ndinakhala pansi ndi mkazi wanga kupangana zodzachita. Tulo tikangoyamba kuvuta, akanditengere mankhwala. Njinga aibise. Koma chingwe ayi.

"Nanga mukafuna kuthamangira kumsika, adzakugwirani ndani?" anafunsa.

Ndinayang'ana pansi. "Mudzaitane amayi anu."

Kwathu mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake aakazi. Mukakumana panjira umapatukira kutchire. Ndinkadziwa kuti nzeru zikhoza kundithawa, koma manyazi amenewo ndiye sangachoke.

Thonje litayera, zinayambadi. Apongozi anabwera ndi mtanga wawo, n'kukhala pakhomo penipeni, chondifulatira, kumasankha thonje. Ine m'nyumbamo ndinkawira. Ndinatukwana boma, ndinatukwana mkazi wanga, ndinaimba nyimbo zakujando zimene munthu wamkazi sayenera kumva. Koma ndikafika pachitseko n'kuona msana wawo, miyendo inkakana. Kuwalumpha apongozi? Ndinkabwerera pamphasa ndikulira ndi ukali.

Ku Zomba sindinapite. Komabe nditachira, nthaka ikanang'ambika ndikanalowa. Zonyansa zonsezo anazimva mayi amene sindinadyepo ngakhale chinangwa pamaso pawo. Mpaka lero ndikakumbukira, manyazi amandigwira.

Phokoso linali litamveka, ndiye alamu anga aja anabwera kudzafunsa ngati misala yayambiranso. Ndinabisala kuseri kwa nkhokwe. Mawu amodzi okha a apongozi akanandinyamulitsa katundu. Ndipo iwo anali mayi wosaphonya swala, mapemphero a Chisilamu, amene mudzi wonse sunawamvepo akunama.

"Iyayi," anatero osakweza mawu. "Akamwini anga amadwala malungo. Ine ndinali pomwepo."