Robson Ng'uni Analephera Kuzolowera Khasu

Robson Ng'uni anasewera handibo, mpira woponya ndi manja m'golo, kwa zaka zisanu ndi zinayi ku Kitwe, m'timu ya pamgodi yomwe inkamulipira mwezi ndi mwezi. Mu 1993 anavulala bondo, ndipo anabwerera kwawo ku Kambombo ndi mkazi wake Immaculate.

Kumudzi sanakhazikike. Ankalima mizere iwiri ya chimanga, n'kusiya khasu, n'kupalasa njinga mpaka ku Chama popanda chokachita.

"Manje inu atate ake Juliet, mukufuna chiyani kwenikweni?" anafunsa Immaculate tsiku lina.

"Thupi likufunabe bwalo," anayankha Robson.

Anadula nsungwi n'kumanga magolo awiri pabwalo la sukulu. Anyamata anakana, amvekere mpira wogwira ndi manja ndi wa akazi. Kunabwera atsikana khumi ndi anayi. Anawaphunzitsa kudumpha ndi kuponya, iye akutsimphina m'mbali mwa bwalo, akukuwa mpaka mawu kusasa.

Mu 1997 timu ya atsikanayo inakasewera ku Lundazi, n'kupambana masewera awiri mwa atatu. Pobwerera atsikana ankaimba m'lole, koma Robson anali atayamba kale kufunsa dalaiva za msewu wa ku Tembwe, kumene anamva kuti kuli atsikana ataliatali amene sanaugwirepo mpirawu.