Fundi wa ku Entre Lagos wandiwongolera chikhadabo cha malemu

Ndinapita kukanoletsa chitsulo. Kunoletsa basi. Ndabwerako ndi chinthu choti mwini wake atadzuka lero sangachizindikire.

Amene mumandidziwa mukudziwa kuti amuna anga, bambo a Luwiza, ankasoka zikopa kuno ku Chiuta. Anatisiya dzinja lapitali. Maliro atatha ndinakhala pampando wawo. Ndimasoka tizikwama ta foni tomangira m'chiuno, timene amagula anthu onyamula nsomba panjinga kuchokera ku Amaramba.

Kachikwama kotere sikafuna ngodya zosongoka. Munthu akamapalasa, ngodya imamubaya pamimba mpaka kumsika. Ndiye malemuwo anatenga paipi ya njinga yakufa, kuing'amba pakati, n'kuinola kunsonga. Chinatuluka chitsulo chokhota ngati chikhadabo, ndipo dzina lake linakhala lomwelo. Umachiimika pangodya ya chikopa, kumenya kamodzi ndi chipika, ngodya yagwa, patsala pozungulira bwinobwino. Iwo ankachinola okha pamwala. Ine mwalawo umandikana.

Lachiwiri mkamwini wanga anandinyamula panjinga mpaka ku Entre Lagos. 8 koloko ndili pa ofisina ina yowotcherera zitsulo, chakufupi ndi njanji. Dzina sinditchula. Mwini wake akudzidziwa.

Ndinati, “Afundi, mundikonzere ichi. Chabuntha.”

Makina ali phokoso. Iwo anangochiponya diso limodzi. Akuti n'chaching'ono, 50 metikali, ndikazungulire kumsika ndibwere 11 koloko. Ndinafunsa ngati ndifotokoze ntchito yake. Akuti ayi mayi, iwo anaphunzira ku Cuamba, chitsulo chimawauza chokha matenda ake.

Kaya chinawauza m'chilankhulo chanji.

11 koloko ndafika. Afundi akumwetulira mano onse panja. Akundipatsa chitsulo chaphwatalala ngati supuni yopondedwa ndi sitima.

“Ndachiotcha, ndachiwongola, ndachinola. Kuwongolako musalipire, ndi basela. Koma amene anakupindirani chitsulo chabwino chonchi, mukamuuze asiye mowa.”

Ndinakhala kaye pansi, pa tayala lomwe linali pamenepo.

Ndinati, “Ndikawauza, afundi. Ali kumanda, sachokachoka. Koma mowa sanaulawepo.”

Apa ndisawanamizire. Anazimitsa makina. Anavula kofia. Anapepesa ngati munthu woleredwa bwino. Kenaka pang'onopang'ono mawu anayamba kubwerera. Akuti, “Koma mayi, inu munati konzani. Simunati nolani.”

Inde ndinati konzani. Kwathu mpeni timakonza, nkhuku timakonza, ngakhale mlandu timakonza. Alipo anawongolapo nkhuku? Ndiponso ndinati chabuntha. Kodi ku Cuamba kubuntha ndi kukhota ndi mawu amodzi?

Akuti ndisadandaule, achibwezera mmene chinalili. Anachibwezera pamoto. Anachipana, kumenya, kuyang'ana, kumenyanso. Ine ndili pa tayala. 12 koloko itadutsa anandipatsa chitsulo chopindika ngati mlomo wa nkhuku, pakati pali mng'alu. Akuti, “Chayandikira.”

Chayandikira kuti?

Kunyumba ndinachiyesa pa kachidutswa. Chinaluma chikopa ngati mmene timadulira khutu la mbuzi kuti isasochere. Ndinachisiya. Ndinatenga chivindikiro cha botolo, kuchiika pangodya, kuzunguliza ndi lezala. Amuna anga akanatha kutero maso ali kwina. Dzanja langa silinafike pamenepo. Ngodya zinayi, iliyonse ndi nkhope yake.

Lachinayi anabwera a Saidi, mkulu wa anthu a njinga aja, amene ankagula kwa malemu kuyambira kale. Anatembenuza kachikwamako uku ndi uku.

“Mayi a Luwiza, kameneka kagona ndi makoswe?”

Ndinaseka nawo. Nanga ndikanatani? Koma atamaliza kuseka ananena zoona. Akuti anzawo asanu akudikira, ndipo iwo awagwira sabata imodzi chifukwa cha ulemu wa malemu. Ikatha, akagula tapulasitiki ta pamalire. Munthu akazolowera pulasitiki sabwereranso kuchikopa. Anthu amenewa akachoka, pampando paja ndikhalirapo chiyani?

Chikhadabo chakalecho sinditaya. Ndachikulunga m'kansalu. Kumene malemu ankagwira kunada ndi thukuta lawo, ndipo kumeneko moto wa afundi sunafike.

Anzanga, amene muli ndi chinthu chokhota dala, nenani mokweza makina asanalire. Amayi a zikwakwa, lambalalani. Asodzi a ku Chiuta ndi ku Amaramba, bisani mbedza zanu mukamadutsa pamenepo. Mudzalowa m'madzi ndi singano.

Tsono afundi, ndikudziwa akuwerengerani zimenezi. Munalonjeza kuti ndikabweretsa paipi mundipangira chatsopano. Paipi ndapeza, mkamwini wazula pa njinga ya amalume ake yomwe inafa kale. M'chitini cha malemu ndapezamonso tingodya timene ankadula, ndiye muyeso ulipo, simulota. Loweruka 8 koloko ndili pakhomo panu ndi chikopa, chipika ndi mpando wanga. Simunditumanso kwina. Mukang'amba paipi ndikuona, mukanola ndikuona. Mukati zatha, ndimenya ndekha pomwepo. Ngodya ikagwa yozungulira, ndikuthokozani pamaso pa anthu onse a panjanji. Ikakana, phikitsani tiyi wa anthu awiri. Paipiyo ndi yaitali.