Ufa pa Mkono wa Mphatso

M'mawa uliwonse, asanatsegule bokosi la zida, a Kalisto ankakoka maginito pamchenga kunsi kwa benchi yawo. Anali maginito a m'sipika ya wailesi yakufa, omangirira ku chingwe cha nsapato. Tizisikuluwu tonse timene tinagwa dzulo lake tinkamamatirapo, iwo n'kutiuzira fumbi, n'kunena kuti "Mwadzuka bwanji?" Moniwo sunali wanga, unali wa tizisikuluwuto.

Ine ndimakazinga mandasi pafupi ndi pamene panali benchiyo, pamsika wa Lisungwi. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, pagulu sindiyankhula, koma maso ndili nawo.

A Kalisto ankakonza mawailesi, matochi ndi mafoni. Anthu ankawatchula a Tiyese, chifukwa ukawauza chilichonse, kaya kuti batire likagona padzuwa limadzaza, kaya kuti mankhwala akuti amachiza matenda khumi, yankho linali lomwelo: "Tiyese." Kutchalitchi ankangopita pa maliro. Abusa akawafunsa, ankati, "Zakumwamba ndinasiyira inu. Ine ndimadziwa zimene ndingatsegule ndi sikuludiraiva." Komabe pa maliropo ndiwo ankayamba kufika, ndipo tochi ya nkhalamba ankaikonza ulere.

Chaka cha korona chija kunamveka kuti katemera aliyense ali ndi chitsulo, choti boma lizidziwa kumene uli ndi amene udzamuvotere. Mwini nkhaniyo anali a Wyson, ogulitsa nsapato za kaunjika, amene ankafuna ukhansala. Amuna anga, a Ackim, atazimva pa siteji ya kabaza anabisa kabuku ka kusikelo ka mwana wathu Mphatso. Mwanayo anali atakwana miyezi naini, nthawi ya jakisoni wa chikuku. Chikuku ndimachidziwa ine, chinatenga mng'ono wanga. Ndinapempha kawiri, kachitatu ndinangolira.

Tsiku lina la msika mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, a Wyson anakwera pa kireti. Anaitana a Chrissy a tomato, amene aliyense ankadziwa kuti anabayitsa, n'kuwaika kandalama kachitsulo pamkono. Kanakakamira! Azimayi anagwira pakamwa. A Chrissy anayamba kuitana Yesu. Ndinaona a Ackim akundiyang'ana ali panjinga, diso loti waona?

A Kalisto ananyamuka, maginito ali lendelende m'manja.

"A Wyson, kodi inu munabayitsa?"

"Ine? Bola kufa, madala!"

"Tiyese."

Anatenga kandalamako n'kukadinda pachipumi pa a Wyson. Kanakhala. Anapempha kena, n'kukaika patsaya. Kanakhalanso. Bambo wamkulu wofuna ukhansala anaima pa kireti atavala ndalama kumaso ngati mkwati wa paphwando.

"Ndi thukuta ili, anthu inu," anatero a Kalisto.

Palibe anawamva. "Anabayitsa mobisa!" wina wa kabaza anakuwa. "Mpaka pachipumi? Eti anamubaya kangati ameneyu?"

"Ndi thukuta! Mayi a Mphatso, tandipatseniko ufa pang'ono."

Anthu onse anatembenukira kwa ine. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndinatapa ufa wa mandasi, theka n'kutayikira pachitenje. A Kalisto anaupaka pamkono pa a Chrissy mpaka pouma, n'kuikanso kandalama. Kanagwa pansi, ngwe! Anaikapo maginito aja, amene amanyamula sikuluwu mumchenga. Anagwanso, pang'ono kuwaswa chala.

"Mwaona? Mumkonomu mukanakhala chitsulo, maginitowa akanagwira. Mwamvetsa tsopano?"

"Tamvetsa," anatero a Chrissy akupukuta misozi. "Ufa umapha chitsulocho."

Msika wonse unavomera. A Kalisto anafotokozanso kawiri za thukuta mpaka mawu kuwathera. Wina anati koma ufawo uyenera kukhala wa tirigu, wina anati mgaiwa ndiye wamphamvu, anatsala pang'ono kumenyana. A Wyson anatsika pa kireti n'kunena kuti za ufazo iwo ankazidziwa kale, ankangodikira nthawi yabwino.

Madzulo ake a Ackim anasolola kabuku kaja kudenga, ali ndi kapepala ka ufa kudzanja linalo. "Mukapite mawa. Koma akangomubaya, mupake. Osaiwala." Ndinalandira ndi manja awiri. Sindinatsutse. Ine ndinkafuna jakisoni, za kupambana mtsutso zinali za ena.

Kusikelo ndinapeza mzere wautali kuposa masiku onse, ana ali ndi mikono yoyera mbee ngati nsomba zodikira chiwaya. Anamwino anafunsa za ufawo, ife tinangoyang'ana pansi. Mphatso anabayidwa, analira, ndinamupaka pambali pa bala kuti bambo ake akaone.

A Wyson ukhansala sanaupeze, koma mpaka lero amati ndiwo anapulumutsa ana a kuno. A Kalisto maso anayamba kuwavuta, tizisikuluwu tinkangowagwa, ndiye chaka chathachi mwana wawo wamkazi anadzawatenga kupita nawo ku Mwanza. Podikira minibasi anandiitana, n'kuika maginito aja m'dzanja la Mphatso. Ndinawafunsa ngati ndiwamangire mandasi a panjira. Anakana.

"Chimodzi chokha, mayi a Mphatso. Ameneyu akadzayamba sukulu, mudzamuuze kuti linali thukuta."